Chingerezi cha aTimawu

Malemu aTimawu sankaphunzitsa Chingerezi ndi pakamwa ayi, ankachiphunzitsa ndi ngozi. Munthu ukangolakwitsa n'kuwafunsa tanthauzo la liwu, iwo ankangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Mawa mudziwa." Ndipo mawa lakelo unkadziwadi, chifukwa liwulo linkakuchitikira iwe mwini, masanasana, anthu a mumpanda monse akuonerera.

Mkuluyu anakalambira mu hotela, kuperekera alendo zakudya. Atapuma ntchito anabwera kudzakhala ndi banja la mwana wake mumpanda wa nyumba za lendi, ndipo anabwera ndi zinthu ziwiri: tayi ya gulugufe ndi chiphunzitso. Ankati Chingerezi cha m'mabuku n'chongodzionetsera. Eni chilankhulo akamacheza sanyamula mawu akuluakulu, amangotenga liwu limodzi n'kulikwatitsa kwa kaliwu kakang'ono, ka up, ka off, ka out. Dzina loti aTimawu linachokera pa timawu timeneto.

"Liwu likakwatira limasintha khalidwe," ankatero, atakhala pampando wawo pakhonde. "Tengani put. Ali yekha ndi mnyamata wofatsa, amangoika zinthu pansi. Akakwatira off wayamba kuzengereza. Akakwatira out wayamba kuzimitsa moto. Ndiye pali put up with, ameneyo ndi wamitala, n'chifukwa chake tanthauzo lake ndi kupirira. Koma mawu amenewa saloweza, abale anga. Amafunika akupweteke kaye."

Woyamba kupwetekedwa anali wometa tsitsi, bambo wamanyazi wosakwatira amene anali ndi kashedi pageti. Tsiku lina anafunsa, mongocheza, kuti break down ndiye kuti chiyani. M'mawa mwake akumeta wapolisi wina wamkulu thupi, makina anangoti zii, mutu utametedwa mbali imodzi. Wometa anawagwedeza, anawauzira, anawamenya pantchafu, koma ayi ndithu. Wapolisi anadziyang'ana pagalasi n'kuyamba kupuma mokweza. Apo n'kuti aTimawu atasuzumira pawindo, waya wamagetsi ali m'manja.

"Mphwanga, makina ako atani?"

"Afa, bambo! Bwezerani waya, chonde!"

"Sindibwezera mpaka unene m'Chingerezi."

Wometa ananena. Wapolisi nayenso ananena, kuti zithe msanga. Kuyambira tsiku limenelo palibe anawafunsanso kanthu aTimawu, ngakhale nthawi.

Koma panali munthu mmodzi amene sakanatha kuwathawa, ndiye mpongozi wawo. Mayiyu anali telala, makina ake ali pakhonde pomwepo, moyang'anizana ndi mpando wa apongozi. Mwamuna wake, mwana wa aTimawu, ankagwira ntchito kudziko lakutali, ndipo kamtsikana kawo kankawadziwa bambo ake ngati munthu wokhala m'foni. Kuti mayi ndi mwana amutsatire, mayiyo anayenera kukhoza mayeso olankhula Chingerezi. Kulemba ankalemba bwino, sukulu anapita. Koma ulendo woyamba atakhala pamaso pa woyesa, m'kamwa munauma gwa, mawu onse anathawa, anangotsala ndi yes ndi thank you. Analephera. Chilolezo chotengera banja chinali pafupi kutha, ndiye mwayi unatsala umodzi wokha. Akalepheranso, basi, ukwati ukhala wa pafoni.

Nkhani yolepherayi anaibisa ngati mimba yoyamba. Anachita kumupempha mwamuna wake kuti asawauze bambo. Koma amuna inu! Lamlungu lomwelo mwamunayo akulankhula ndi bambo ake, foni ili pokweza, anangoti, "Bambo, muziwathandizako Chingerezi apongozi anuwo."

ATimawu anaika foni pansi. Analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali atavala tayi ya gulugufe. Wometa ataiona tayiyo ali pageti anatseka shedi n'kupita kwa mlongo wake.

Nanga mpongozi akanakana bwanji? Apongozi aamuna sutsutsana nawo, suwayang'ana m'maso, ngakhale akuuze kuti dzuwa latulukira kumadzulo umangoti, "Latulukiradi, bambo." Choncho sukulu inayamba.

Phunziro loyamba linamupeza akusoka diresi ya munthu. Anangomva, "Moto! Moto kuno!" Atathamangira kuseri anapeza zidutswa zake za nsalu zikuyaka m'beseni, utsi uli tolo, ukulowa m'zovala zimene alandilodi anali atayanika. Alandilodi anali mayi wamasiye wa mawu ngati belu la tchalitchi, ndipo anatulukira atanyamula ndowa. ATimawu anawatchingira.

"Ayi, amayi, motowu si wanu. Ndi wa apongozi angawa. Apongozi, mukufuna kuutani motowu?"

"Kuuzimitsa, bambo!"

"M'Chingerezi."

"Extinguish!"

"Asa! Mawu a m'buku amenewo. Nyumba ikupsa ndani ali ndi nthawi yonena zimenezo? Put it out!"

Mpongozi anathira madzi akubwereza mawuwo, misozi ya utsi ili m'maso. Alandilodi anagwira m'chiuno.

"Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto," anatero. "Koma mumpanda muno akuluakulu ndi amene akuuyatsa!"

Sabata yotsatira aTimawu anagwa pampopi, phi! n'kugona thapsa, maso atatembenuka. Amayi otunga madzi anayamba kulira. Mpongozi anabwera akuthamanga opanda nsapato, akuganiza kale za momwe akamuuzire mwamuna wake. Atagwada pambali pawo, mkulu uja anatsegula diso limodzi.

"Apongozi, ndatani ine?"

"Mwakomoka, bambo."

"Ndachita pass out. Bwerezani."

Asanabwereze n'komwe, alandilodi anawakhuthulira ndowa yonse kumaso. ATimawu anadzuka akutsamwa, tayi ikudontha, koma nkhope ili mwee ndi chimwemwe. "Mwachita bwino, amayi! Kutsitsimukaku ndiye come round. Tapha mbalame ziwiri."

Koma phunziro limene anthu amalikambabe mpaka lero ndi la turn down, kukana munthu kapena chinthu chimene wapatsidwa. ATimawu anaganiza kuti mpongozi aone ndi maso ake munthu akukanidwa. Anamunyengerera wometa uja kuti akafunsire alandilodi mbeta pabwalo, anthu akumva.

"Bambo, mukufuna kundiphetsa?"

"Palibe choopsa. Mayi amene uja amakana chilichonse, ngakhale moni. Iwe ungofunsira, iye akukana, apongozi anga aphunzira, basi tabalalika."

Wometa, posafuna kuti makina ake afenso, anavomera. Madzulo dzuwa lisanalowe anaima pamaso pa alandilodi, chipewa chili m'manja, n'kunena mawu ake. Mpongozi anali ataimikidwa pafupi kuti aonetsetse. Alandilodi anamuyang'ana wometa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukonza duku.

"Ndimati simudzanena," anatero. "Ndavomera."

Wometa anatembenukira kwa aTimawu, kukamwa kuli yasa. ATimawu anakanda m'mutu pang'ono, kenaka anati, "Chabwino, lero tiphunzira lina. Apongozi, wometayu akufuna kuthawa lonjezo. Kumeneko ndiye back out." Koma kuthawa kunalibe. Alandilodi anali atayamba kale kumufunsa kuti amakonda tiyi wa shuga wambiri kapena wochepa.

Musaganize kuti mpongozi ankaseka nawo. Iye ankawonda. Akagona ankalota utsi, akamva chinthu chagwa ankalumpha. Mawuwo ankalowadi, sitingakane, koma akayesa kuyankhula ndi mwamuna wake pafoni m'Chingerezi lilime linkamangikabe ngati kale. Ankaopa kulakwitsa, ankaopa kusekedwa, ndipo koposa zonse ankaopa tsiku la mayeso limene linkayandikira. Tsikulo litatsala pang'ono anagwada patsogolo pa apongozi ake.

"Bambo, ndathokoza kwambiri. Ndaphunzira zokwanira. Ndimati mawa ndipite mtima uli m'malo."

"Mwanena zoona, apongozi," anatero aTimawu. "Sukulu yatsekedwa."

Mpongozi anausa moyo. Kalanga, sanadziwe kuti mphunzitsi akati sukulu yatsekedwa amakhala wasungira kena.

M'mawa wa tsiku la mayeso anasita diresi yake yabwino n'kuiyala pabedi, chitupa cholowera m'chipinda cha mayeso anachiika pamwamba pake. Anaperekeza mwana pageti kupita kusukulu, n'kukalowa kubafa yapanja. Pobwera, atangomangira nsalu pachifuwa, sopo ali m'manja, anapeza chitseko cha nyumba chili ndi loko wamkulu. ATimawu anali pampando wawo, tayi ili pakhosi, akumwetulira.

"Kamodzi kokha komaliza, apongozi. Munthu akakutsekerani panja, mwatani?"

"Locked out, bambo."

"Eyaa! Osaganiza n'komwe! Mwaona? Mwakhoza kale inu."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete kuti atulutse kiyi. Dzanja linalowa, linalowabe, mpaka zala zinatulukira kunsi. Thumba linali lobooka. Anapisa thumba lina, anavula jekete n'kuikutumula, anavula nsapato. Kumwetulira kuja kunazimirira pang'onopang'ono, nkhope inachita mbuu ngati phulusa.

"Bambo, musasewere."

"Apongozi," anatero aTimawu, "ili si phunziro."

Mkuluyo anali atazungulira mpanda wonse m'mawawo, mpaka kungalande ya kuseri. Anthu anabalalika kukasaka. Wometa anakwawa m'maluwa, amayi a pampopi anapeta mchenga ndi manja. Mawindo anali ndi zitsulo, khomo linali limodzi. Diresi ndi chitupa zinkaoneka bwinobwino pawindo, zili phee pabedi, ndipo dzuwa linkakwera osadikira munthu. Wometa anabwera ndi hamala, koma alandilodi anaima pakhomo atatambasula manja.

"Chitseko changa ichi sachikhudza munthu! Mwandiotchera zovala, mwandikomokera pampopi, lero mundiswere nyumba?"

Apa mpongozi china chake chinaduka m'kati mwake. Anatembenukira kwa apongozi ake. Anafuna kuwakalipira, koma m'Chichewa mawu anakana kutuluka. Pakamwa pamene pazolowera kunena kuti "zikomo bambo" sipangayambe lero kunyoza. Ndiye mkwiyo unafuna khomo lina, ndipo unalipeza.

"I am fed up!" anakuwa. "Fed up! I put up with your fire! You passed out and I cried for you! Now you lock me out, today, today! You have let me down!"

Sanalekere pomwepo. Anawauza kuti watopa nazo, kuti wapirira zokwanira, kuti mwana wake akukula osawadziwa bambo ake chifukwa cha masewera a munthu wamkulu, zonsezo m'Chingerezi chothamanga ngati madzi a mpopi wothyoka, chala chili m'mwamba, sopo akadali m'dzanja linalo. Palibe anali atamumvapo mayiyu akukweza mawu, ngakhale kwa nkhuku. ATimawu anaima opanda nsapato, misozi ikulengeza, koma mutu wawo, mwa chizolowezi, unkagwedezeka pa kaliwu kalikonse kamene kagwera pamalo pake.

Alandilodi sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anamva zonse. Analanda hamala m'manja mwa wometa.

"Chokani apo, bambo a kunyumba, mulibe mphamvu inu." Anamenya kawiri, kachitatu loko anagwera uko, chitseko n'kung'ambika pakati.

Mpongozi anavala diresi akuthamanga, anakwera panjinga ya wometa, ndipo bamboyo anapalasa ngati akuthawa ukwati wake womwe. Anafika pa ofesi ya mayeso mlonda akukankha chitseko kuti atseke. Analowa ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, tsitsi losapesa, mkwiyo ukadali kuwira.

Woyesa anali mayi wa magalasi, wa nkhope yosaseka, mtundu womwe uja unamuumitsa pakamwa ulendo woyamba. Atafunsa dzina ndi zina zoyambirira, anati amuuze za munthu wina amene amakhala naye pakhomo.

Abale, funso limenelo kufunsa munthu amene wangotsekeredwa panja! Mpongozi anaiwala kuti ali pamayeso. Anangoona kuti wapeza woti amudandaulire. Anayamba ndi moto, anapita pampopi, anafotokoza za wometa ndi alandilodi, n'kufika pa chitseko. Pamene liwu lasowa ankazungulira n'kupeza lina, osaima, osapepesa. Mayi wa magalasi uja anayesa kudzigwira, kenaka anavula magalasi n'kupukuta misozi ya kuseka. Nthawi itakwana anachita kukweza dzanja kawiri kuti amuimitse.

Ali m'njira yobwerera m'pamene mkwiyo unaphwa, manyazi n'kulowa m'malo mwake. Wakalipira apongozi aamuna, pagulu, atavala nsalu yokha! Anafika pageti n'kulowa mumpanda. Anawapeza aTimawu atakhala pansi pafupi ndi chitseko chong'ambika chija, ali khuma, tayi atavula. Anthu anati chichokereni iye mkuluyo sanadye, sanamwe, ndipo sanatulutse liwu la Chingerezi ngakhale limodzi.

Mpongozi anagwada. "Bambo, mundikhululukire. Ndinalankhula zosayenera."

"Munafika nthawi yabwino?"

"Ndinafika, bambo."

"Munalankhula?"

"Mpaka anachita kundiletsa."

ATimawu anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. "Ndikanakulepheretsani ine," anatero. "Ine ndemwe, ndi manja angawa. Mwana wanga ndikanamuuza chiyani?"

Masabata odikira zotsatira anali aatali. Mpanda unali bata, koma linali bata la anthu amene akumvetsera. Ndiye tsiku lina masana, mpongozi akupinda siketi ya mwana wasukulu, foni inalira, uthenga unalowa. Anawerenga kamodzi, anawerenganso, n'kukhala pansi pasimenti. Anali atakhoza. Mtima umene unakhala m'malere chaka chathunthu unatsika n'kukhala pansi, ndipo analira mokweza ngati kamwana, osasamala kuti akumuona ndani. Alandilodi anavina pabwalo ndi ndowa pamutu. Wometa anameta anthu atatu osawafunsa kuti akufuna sitayilo yanji. Kenaka alandilodi anapita kwa aTimawu n'kuwalozera chala.

"Tsopano lumbirani pamaso pa anthu kuti sukulu yathadi."

"Yatha, amayi," anatero mkuluyo akuseka. "Wophunzira wanga waposa mphunzitsi. Munamumva mmene anandikalipira? Sanalakwitse ngakhale pamodzi."

Anasunga lonjezo. Koma chimwemwe cha mpongozi chinali ndi kamunga m'kati. Iye ndi mwana akapita, mkuluyu atsala ndi ndani? Chilolezo sichinkalola makolo. Kwa achibale ena aTimawu anakana kupitako, amvekere kumeneko kulibe anthu ofuna kuphunzira. Mpongozi akamasoka ankawaba ndi diso ali pampando paja, n'kuona momwe jekete yayambira kuwakulira. Nthawi yozizira itafika anayamba kutsokomola, ndipo chifuwacho sichinawasiye. Kuchipatala mpongozi ndiye ankawadyetsa ndi supuni, kuwapukuta pakamwa, kuwatembenuza.

"Apongozi," anatero tsiku lina, "ndikukuonani. Mukuganiza zoti muchedwetse ulendo chifukwa cha ine."

"Ayi, bambo."

"Bodza simulitha, m'zilankhulo zonse ziwiri. Ine sindinavutitse mpanda wonse kuti inu mukhale pano kumandiphikira phala. Mupite. Kamtsikanako kakawaone bambo ake ali ndi miyendo, osati mutu wokha m'foni."

Anatisiya sabata yomweyo, masana, mwakachetechete, zomwe sizinali khalidwe lawo. Mpongozi analira kwambiri. Koma pansi pa misoziyo anapeza chinthu chimene anachita nacho manyazi: mtima wake unapepuka. Sadzawasiya okha m'nyumba yopanda anthu, akudikira foni ya Lamlungu. Mkuluyo anamva zotsatira ali moyo, anaseka, anagona ali m'manja mwa anthu awo. Mpongozi atawaululira alandilodi za kupepukako, mayiwo anangoti, "Nanenso, mwana wanga. Ndimagona tulo masiku ano. Koma tulo take n'tosakoma."

Ndi mmene mpanda ulili tsopano. Zovala zimauma pachingwe zikununkhira sopo. Munthu amatha kusiya ntchito yake pakhonde n'kukaipeza momwe anaisiyira. Anthu amadutsana pabwalo, moni, moni, aliyense n'kulowa m'nyumba mwake, ndipo tsiku limatha popanda choti ukafotokozere anzako kuntchito. Onse amavomereza kuti ndi mtendere, ndipo amanena zimenezo kawirikawiri kuposa mmene anthu a mtendere amanenera.

Tsiku la ulendo zonse zinayenda bwino mochititsa mantha. Galimoto inafika nthawi yake. Zikwama zinali zonse, zitupa zili m'manja, mwana atavala kale nsapato n'kukhala kumpando wakumbuyo. Wometa anakweza katundu, woyendetsa analiza injini. Koma mpongozi anaimabe pakati pa bwalo, akuyang'ana kuseri kwa nyumba, kubafa, kupageti, mapewa ali m'mwamba ngati munthu amene akudikira kuti china chake chiphulike. Anadikira ndithu. Palibe chinalakwika.

"Mayi, mukudikira chiyani?" anafunsa alandilodi.

"Palibe, amayi."

"Ndiye kwerani, mwamuna wanu akudikira," anatero alandilodi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Simukuona kuti kuno kulibenso wotichedwetsa?"